Zipinda za a Penta Sizikhomedwa Msomali

Mumsewu monse ankawatchula kuti a Penta, ndipo akazi awo ankadziwika kuti Mayi Mazira, chifukwa cha nkhuku zoikira zimene ankaweta kuseri kwa khitchini. Mayina awo enieni ankamveka kuchipatala kokha, akamaitanidwa pamzere wa mankhwala. Ana awo anakula n'kuchoka pakhomo, ndipo pa zaka zonsezo Mayi Mazira sanawaonepo amuna awo ali ndi zikhadabo zoyera. Ngakhale pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, a Penta anapereka moni kwa akuchimuna ndi dzanja la madontho obiriwira.

Bambowa anagwira burashi ndevu zisanamere, ndipo ntchito ankaidziwa, apo palibe wotsutsa. Vuto linali lakuti sankaisiya kuntchito. Akalowa m'nyumba ya munthu, moni woyamba unkapita kukhoma. Ankalisisita ndi chikhatho, kulipenda chammbali diso limodzi atatsinzina, kenako n'kupukusa mutu ngati amene walandira uthenga wa maliro. Mwini nyumba ankalandira moni wake pambuyo. Mayi Mazira analeka kalekale kupita nawo kokacheza, chifukwa anatopa ndi kupepesa.

Chaka chimene mutu wawo unayera mbuu, ndi imvi osati penti, a Penta anabwera kuchokera kuntchito dzuwa likadali paliwombo, n'kukhala pakhonde osavula ovolosi. Anati makwerero anagwedezeka. Mnzawo amene anawaperekeza ananong'oneza Mayi Mazira kuti makwerero anali nji, anagwedezeka ndi munthu. Kuchipatala anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi, bondo lakumanzere nalo linali litatha. Dokotala sanazungulire. Anati, "Bambo, ngati mukufuna kuona zidzukulu zikukula, mapazi anu azikhala pansi."

Nzeru ya zipinda za lendi inabadwa sabata yomweyo, ndipo anaibereka ndi Mayi Mazira, ichi sakana. Kuseri kwa nyumba kunali malo ongomera udzu. Iwo anagulitsa nkhuku pafupifupi khola lonse, a Penta anaikapo zimene analandira atapenta sukulu ina yaikulu, ana nawo anaponyapo kangachepe. Masamu anachitira limodzi patebulo, ndipo anali masamu okoma kwabasi: zipinda zitatu, malendi atatu, mwezi ukatha ndalama izigogoda yokha pachitseko, a Penta ali khale pampando akumvera wailesi. Masamu amenewo anali ndi khomo lolowera lokha. Za lotulukira panalibe anaziganizira.

Zotuluka zinadzionetsa zokha anthu atangolowa. Bilu ya madzi inanenepa ngati kuseriko atsegulako potsukira magalimoto. Chimbudzi chinadzaza msanga, opopa n'kutchula mtengo wawo atagwira mphuno. Msonkho wa malo unakwera, maloko ankathyoka, mpopi unkadontha, lata lina linanyamuka ndi mphepo n'kukagwera kwa aneba. Zonsezi Mayi Mazira ankazilandira akung'ung'udza, komabe ankazilandira, chifukwa aliyense amene ali ndi nyumba za lendi amakumana nazo. Chimene anaiwala kuika m'masamu chinali mwamuna wawo.

Zipindazo a Penta anazipenta okha, ndipo anati iyi ndi ntchito yawo yotsanzikira burashi. Anagula penti yodula, yochapika ija imene amapaka m'maofesi a mabwana. Khoma lililonse analikwecha, kulimata, kulipaka, kulisiya liume, n'kulipakanso. Mzere wa m'munsi unawongoka ngati wojambula ndi rula.

"Bambo, kodi tikumanga zipinda za lendi kapena hotela?" anafunsa Mayi Mazira ataona zitini zitaunjikana pakhonde.

"Mayi, munthu akalowa azidziwa kuti pano pamakhala ndani," anayankha a Penta osatembenuka.

Anthu anazilimbirana zipindazo, chifukwa pa mtengo umenewo kunalibe zina zowala choncho. Koma aliyense wolandira kiyi ankalandiranso malamulo. Bedi lisagunde khoma. Mutu wodzola mafuta usatsamire khoma. Mbaula isalowe m'chipinda. Ndipo lamulo lalikulu pa onse, limene a Penta ankalinena chala chili m'mwamba: msomali ayi.

Woyamba kuliswa anali dalaivala wa minibasi wa m'chipinda cha kumapeto. Munthu wosavuta, wolipira tsiku lake lisanakwane, amene anangofuna kupachika kalilole wometera ndevu. A Penta anamva kulira kwa hamala ali pakati pa chakudya. Bondo lija linachira nthawi yomweyo. Mayi Mazira pofika kuseriko anapeza amuna awo atagwira msomali m'manja ngati chipolopolo chimene achotsa m'thupi la mwana wawo.

"Achimwene, mwandilasa," ankatero a Penta. "Mukudziwa kuti pansi pa penti iyi pali chiyani? Mukudziwa?"

"Pali khoma, madala," anayankha dalaivala. "Khoma limene ndikulipira."

Mwezi utatha dalaivala anasamuka. Kabowo kake kanali kochepa kuposa njere ya mpunga, ndipo Mayi Mazira anati angokatseka ndi chala cha simenti, munthu wina alowe mawa lomwe. Abale, akanangokhala chete! A Penta anawafotokozera, moleza mtima ngati akuphunzitsa mwana, kuti chigamba chimaoneka. Ukapaka pamalo amodzi uyenera kupaka khoma lonse, ukapaka khoma limodzi atatu enawo amaoneka akale, ndipo makoma akawala siling'i imachita manyazi. Chipinda chinakhala chopanda munthu mwezi wathunthu, mazenera ali pululu, chikuuma.

Umo ndi mmene zinayendera chaka chimenecho ndi chotsatira. Mphunzitsi wina anachoka chifukwa a Penta ankagogoda Loweruka lililonse kudzaona ngati kabati yake yasendera kukhoma. Banja lina latsopano linachoka chifukwa mkazi anali woyembekezera ndipo fungo la penti la m'chipinda choyandikana linkamusanzitsa. Wochoka aliyense ankasiya kachizindikiro, kaya ka chala, kaya ka udzudzu wophedwa ndi patapata, ndipo kachizindikiro kalikonse kankadya zitini. Pa zipinda zitatuzo, nthawi zonse chimodzi chinkakhala chikuuma.

Kenako Mayi Mazira anazindikira kuti makwerero sakugonanso kuseri kwa khola kumene anawaika. A Penta ankachoka m'mawa atawanyamula paphewa, akutsimphina, n'kunena kuti akungokathandiza mnzawo kantchito kapansipansi. Kantchito kapansipansi kofuna makwerero! Ankabwera madzulo milomo itauma, n'kukhala pakhonde atatseka maso mpaka dziko litasiya kuzungulira. Ndalama ya kantchitoko sinkalowa m'nyumba. Inkatsikira kusitolo ya penti.

Tsiku lina mayiwa analephera kupirira. Anawapeza amuna awo akutsuka maburashi pampopi, n'kuima patsogolo pawo manja ali m'chiuno.

"Bambo, tandiuzani. Zipinda izi tinamangira chiyani?"

"Lendi, mayi."

"Lendi yake ili kuti? Ya chipinda choyamba imathera kumadzi, kumsonkho ndi kwa opopa chimbudzi. Ya chachiwiri mumaisandutsa penti isanatenthe n'komwe m'manja mwanga. Chachitatu mumagona mphepo, ndipo mphepo silipira. Ndiye mukukweranso makwerero kuti mudyetse makoma. Ife tinamanga zipinda kuti zizitidyetsa, koma ndi ife tikuzidyetsa. Nkhuku zanga ndi zimene zikugula mankhwala anu. Nkhuku, bambo!"

"Nyumba yosamalidwa imakwera mtengo," anatero a Penta akufinya burashi.

"Ikwere mtengo kuti tigulitse kwa ndani? Mtengo umenewo ndidzaudya ndili wamasiye?"

A Penta anayang'ana burashi yawo nthawi yaitali. Mayi Mazira anaganiza kuti mawu alowa. Kenako bambowo anati tsitsi la burashiyo layamba kuthothoka, maburashi a masiku ano ndi achabechabe. Mayiwa analowa m'khola n'kukakalipira nkhuku, chifukwa nkhuku zimatembenuzako mutu munthu akamayankhula.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anakhalitsa, namwino wa m'chipinda chapakati, amene ankakhala ndi kamwana kake kakakazi koyamba kumene sukulu. Ameneyu Mayi Mazira ankamusunga ngati dzira lenileni. Lendi yake inkabwera yokha, yathunthu, popanda nkhani ya malipiro ochedwa kapena maliro akumudzi. Analibe wailesi yaphokoso, analibe alendo, ndipo zovala zake ankazipachika pachingwe chimene anamanga kuchokera pazenera kufika pachitseko, kuopa msomali. Ankawayezanso a Penta magazi ulere, n'kuwakalipira mwaulemu akapeza kuti akwera. Mayi Mazira ankamupatsa mazira osweka pang'ono, nthawi zina ndi osasweka omwe.

Kamwanako kanapatsidwa makrayoni kusukulu. Kanajambula pakhoma, m'munsi pafupi ndi chitseko, munthu wa mutu waukulu atanyamula burashi. Kanathamanga kukawaitana a Penta kuti, "Agogo, bwerani mudzaone, ndakujambulani!" A Penta anapita, anaona, ndipo kunena zoona sanakakalipire kamwanako. Anangoti wajambula bwino, n'kubwerera kunyumba akuyenda ngati munthu wobaidwa m'nthiti. Chakudya cha tsiku limenelo anangochitola pang'ono.

Mawa lake namwino anabwera m'mawa kuchokera kuntchito ya usiku, anaperekeza mwana kusukulu, n'kudziponya pabedi. Chitseko sanakhome. Atadzidzimuka masana anapeza mwini nyumba atagwada pakona pa chipinda chake, kachitini pambali, akupaka khoma mwakachetechete kuti asamudzutse. Kukuwa kwake kunaimitsa nkhuku kuikira.

Mayi Mazira anapepesa mpaka mawu anawathera. Anagwada, mayi wamkulu ngati iwo, pamaso pa mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo. Namwino anawadzutsa, nayenso misozi ili m'maso.

"Amayi, dzukani, musandichititse manyazi. Ndikudziwa kuti abambo analibe maganizo oipa. Koma ine ndatopa. Ndimalipira chipinda, koma ndimakhala ngati ndabwera kudzalondera khoma. Mwana wanga amaopa kuyetsemula m'nyumba mwake." Anapukuta m'maso, kenako anatsitsa mawu. "Ndipo ndikuuzeni ngati namwino. Dzanja lawo ndaliona pamene amapaka paja, likunjenjemera. Akapitiriza kukwera, tsiku lina adzabwera nawo kuntchito kwanga atawanyamula."

Namwino anasamuka kumapeto kwa mwezi, ndipo mbiri ya mwini nyumba wolowa m'zipinda anthu ali m'tulo inayenda mumsewu monse, ikukula pa geti iliyonse. Wa m'chipinda choyamba naye anapeza chifukwa chochokera. Zipinda zonse zitatu zinatsala zii, zowala, zosalala, zopanda ngakhale kadontho. A Penta ankazitsegula m'mawa kuti zipitidwe mphepo, ndipo Mayi Mazira anaona ndi maso awo kuti bambowo sanakhalepo osangalala chotere chimangireni zipindazo. Mtima unawawawa kwambiri. Anazindikira kuti amuna awo sankafuna anthu a lendi. Ankafuna anthu odzaona.

Mayiwa anakhala masiku angapo akutolera mazira ndi kuganiza. Kenako tsiku lina akuchokera kumsika anaima pamsewu n'kuiyang'ana nyumba yawo yaikulu ngati mlendo. Inali nyumba yolimba, ya zipinda zokwanira banja, koma makoma ake anali otuwa ngati phulusa, laimu wa pomanga paja atasuluka kalekale. M'kati munali misomali paliponse, ya makalendala, ya zithunzi, ya zikwama za ana amene tsopano anali ndi ana awo. Makoma amenewa okha ndi amene a Penta sankawapatsa moni. Ankawadutsa ngati mmene munthu amadutsira mkazi wake pakhonde.

Madzulo ake anawauza amuna awo, osati mofunsa.

"Bambo, zipinda zanu zija zapeza anthu oyenera. Anthu osakhoma misomali, osatsamira khoma, osajambula. Ndi inu ndi ine. Chimodzi chogona, china chochezera, chachitatu muikemo zitini zanu muzizisisita. Nyumba ino ndaipezera munthu."

Munthuyo anali wogulitsa nyama kumsika, bambo wa mimba yake ndi mawu ake, wokhala ndi ana asanu aamuna. Mayi Mazira anamusankha dala. Bamboyo anayendera nyumba yonse osayang'ana khoma ngakhale kamodzi. Anafunsa za madzi, za magetsi, ndi ngati firiji yake yaikulu ingalowe pakhomo la khitchini. Lendi imene anavomera inaposa ya zipinda zitatu zija zonse pamodzi, ndipo anati bilu ya madzi azilipira yekha. Makwerero Mayi Mazira anawapereka kwa mkamwini wawo, amene anabwera ndi galimoto n'kuwatengera kutali.

Kusamuka kunawapweteka Mayi Mazira kuposa mmene ankayembekezera. M'nyumba imeneyo analereramo ana awo onse. Mipando ina sinakwane m'zipinda zatsopano, anaigawa kwa ana. Zithunzi za banja anaziika m'katoni pansi pa bedi, chifukwa lamulo la msomali linagwira ndi iwo omwe. Bedi linaima pakati pa chipinda ngati la m'chipatala, ndipo pogona ankamanga kansalu kumutu kuti mafuta asafike kukhoma. Koma m'mawa uliwonse ankawaona a Penta atakhala pampando panja, mapazi onse awiri ali pansi, ndipo ankadziuza kuti zithunzi zikhoza kukhala m'katoni.

Mwezi unatha, wogulitsa nyama anabweretsa lendi, ndi kachidutswa ka chiwindi pamwamba. Mayi Mazira analipira msonkho, anagula mankhwala a bambo ndi chakudya cha nkhuku, ndipo kwa nthawi yoyamba chimangireni zipinda, m'manja munatsala kanthu. Anakaika m'kabati, pansi pa nsalu za patebulo. Tsiku limenelo anaimba nyimbo akutsuka mbale.

Loweruka lotsatira anapita kukapereka mazira kumagolosale. Pobwerera, asanafike n'komwe pageti, anamva phokoso limene ankalidziwa kuposa mawu a ana awo: khwe, khwe, khwe, chitsulo chikupala khoma. Ana a wogulitsa nyama anali ataima pabwalo, makosi ali chagada. Pakhoma la kutsogolo la nyumba yaikulu panatsamira makwerero achilendo, amatabwa, obwereka kwa aneba, mwendo umodzi utatsamira pa njerwa. Pamwamba penipeni, pansi pa denga, panali a Penta. Mbali imodzi anali atapala kale n'kuyamba kupaka. Pansi panali zitini zatsopano, ndipo Mayi Mazira sanafunikire kutsegula kabati kuti adziwe kumene zachokera.

Penti yake inali ya mtundu wa thambo la m'mawa. Mtundu umenewo Mayi Mazira anaupempha ali mtsikana, chaka chimene analowa m'nyumbayo, ndipo anapitiriza kuupempha mpaka mwana woyamba atayamba sukulu. Yankho linkakhala lakuti mwezi wamawa.

Mayiwa anatula pansi mathileyi onyamulira mazira. Anafuna kuwakuwira, koma ataona mwendo wa bondo lija ukunjenjemera pa thabwa, analeka. Munthu ali pamwamba chotero sumukuwira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pansi pa makwerero.

"Bambo," anaitana motsitsa. "Mukutani kumeneko?"

"Mayi, mwabwera? Nyumba ya lendi singaoneke chonchi. Anthu akulipira ndalama zambiri apa. Odutsa aziti mwini wake ndani?"

"Ine ndakhalamo zaka zonsezi ikuoneka chonchi."

A Penta anaviika burashi m'kachitini kamene anakoleka pa makwerero, anaigwedeza pang'ono kuti isadonthe, n'kukoka mzere wowongoka pansi pa denga. Anayankha mosaganiza n'komwe kuti akulasa munthu.

"Inu simunkalipira lendi, mayi."

Ana a wogulitsa nyama anaseka. Mayi Mazira sanaseke. Maso anawatentha, ndipo anafunitsitsa kutembenuka, kutola mathileyi awo, n'kumapita osacheuka. Pomwepo njerwa ija inasuntha pang'ono, makwerero n'kupendekeka. Manja awo anafika pa matabwa mutu usanaganize. Anaponda mwendo wa makwerero ndi phazi, n'kuwakanikiza kukhoma ndi thupi lonse.

"Eya, gwirani pomwepo," anatero a Penta kumwambako. "Musasunthe. Kwatsala mbali zitatu."